Galimoto Yanga Iwale Esnati Asanachire

Lolemba

Afika! Mababu anga afika!

Kondakitala wa minibasi yochokera ku Limbe akundipatsa katoni pa boma, yonyowa mbali imodzi chifukwa yayenda pansi pa dengu la tomato. Sindikudandaula. Ndikuinyamula ngati khanda mpaka kunyumba.

Chifukwa chake ndilembe pano, kuti mawa wina asadzanene kuti ndi matama. Mwana wathu Esnati ali kuno, ndi woyembekezera, mwezi wake ndi uno. Mwamuna wake ali ku ntchito ku Blantyre. Pa mzere wathu wonse galimoto ndi imodzi, yangayi, ya ku Japani, imene ndinagula nditapuma ntchito ya ukalaliki. Ndiye matenda akayamba usiku, wothamangira naye kuchipatala ndani? Ine. Ndi nyali ziti? Zachikasu zija, zowala ngati koloboyi wotha mafuta. Sabata yatha chakumadzulo ndinatsala pang'ono kukwera ng'ombe yogona pa msewu wa ku Bangula. Inayamba kundiona ndi iyo, n'kudzuka yokha mwaulemu.

Za uchembere si nkhani ya amuna. Koma galimoto ndi nkhani ya amuna. Aliyense agwire mbali yake.

Za m'katoni:
- mababu awiri akuluakulu akutsogolo, a LED, lililonse lili ndi kafani kake kumbuyo. Babu la fani! Ku Nsanje kuno ngakhale babu likufuna kamphepo
- a indiketa
- a buleki
- a rivesi
- timababu tina tosadziwika kwawo
- pepala la malangizo m'chilankhulo chimene sindinachionepo. Pali chithunzi cha munthu akumwetulira. Ndiye kuti n'zosavuta.

Ndikuonera vidiyo pa foni. Bambo wina wandevu, m'garaja yoyera mbee, akusintha babu ndi zala ziwiri uku akumwa tiyi. Akufika ponena kuti chofunika kwambiri, chimene anthu ambiri amalakwitsa, ndi ichi... bandulo yatha. Palibe kanthu. Zambiri ndaziona.

Mayi a Esnati aima pakhomo, manja m'chiuno. "Galimoto ikuyenda bwinobwino. Bwanji osaisiya mwana achire kaye?" Ndikuwafotokozera za ng'ombe ija. Akuti, "Ng'ombe simunaione chifukwa magalasi anu munawaiwala pa tebulo." Nkhani ziwiri zosiyana zimenezi.

Madzulo ndikuzula mababu akale onse, akutsogolo, akumbuyo, am'mbali. Kuzula n'kosavuta. Ndikudabwa kuti amakaniko thukuta lonse lija amatulutsira chiyani. Ndikuwakulunga m'nyuzipepala, ndikukawaponya m'chimbudzi. Munthu akasankha njira asamasunge pobwerera.

Dongosolo:
- Lachiwiri, kutsogolo
- Lachitatu, zotsala zonse
- Lachinayi, kutsuka galimoto ndi kulandira oyamikira

Lero galimoto igona yopanda nyali ndi imodzi yomwe. Esnati asayambe lero. Sangayambe. Ndi mwana womvera.

Lachiwiri

Kutentha! Dzuwa silinakwere koma boneti yayamba kale kuotcha. Sipanala ndikuigwira ndi kansalu.

Babu lakumanja lalowa. Lakumanzere lili kuseri kwa batire, pamalo pamene anthu a ku Japani anasiya mpata wa dzanja la munthu wosadya. Dzanja langa lalowa. Dzanja langa silikutuluka.

Ndaima chiweramire. Ndikukoka, chigongono chikugunda chitsulo. Ndikupotoza, wotchi yakola waya. Thukuta likugwera m'injini. Sindiitana munthu. Akudutsa a Fombe, oyandikana nawo nyumba, khasu paphewa. "Mwadzuka, akalaliki? Ikuvuta?" Ndikuti ayi, ndikumvetsera injini. Injini ndi yozimitsa.

Akubwera podutsa ulendo wachiwiri, ine ndikumvetserabe.

Wandipulumutsa ndi Esnati. Wabwera pang'onopang'ono, dzanja limodzi kumsana, lina botolo la mafuta ophikira. Akuthira pamkono panga, mapewa ake akugwedezeka ndi phwete. Dzanja latuluka, pholokoto! Khungu lina latsala komweko. Ndamupempha kuti mayi ake asamve. Mayi ake anali pawindo.

Vuto lina: kumbuyo kwa nyali kumakhala zotsekera za labala. Ndi tifani tija sizikutsekekanso. Ndaziika pambali. Mwina zinali zokongoletsa chabe. Imodzi mbuzi yaitenga.

Kuyesa koyamba: lakumanja layaka, lakumanzere zii. Mtima wagwa. Ndazula pulagi, ndaitembenuza, ndalowetsanso, ulendo uno ndi dzanja lodzola kale mafuta. Layaka! Ndekha! Popanda wandevu uja! Ndikanaphunzira uinjiniya dziko lino likanakhala patali.

Masana kuwala sikuoneka, ndiye ndikudikira dzuwa lilowe. Ndaitana banja lonse likhale pakhonde. Ndikuti, "Tsekani maso pang'ono." Ndikutembenuza kandodo.

Mayo ine! Kuwala! Koyera ngati mphezi yokana kuchoka!

Kungoti:
- nyali yakumanzere ikuwalitsa kunsonga kwa mtengo wa nimu. Nkhuku zimene zinakwera kukagona zatsika zonse. Tambala walira.
- yakumanja yadumpha mpanda, yalowa m'bafa ya a Fombe.
- pakati, pamene pamayenera kukhala msewu, mdima.

Mawu kuchokera kuseri kwa mpanda: "Mbani ameneyo?! Thimitsani! Thimitsani, inu!" Chidebe chagwa. Wina wathawa, kumveka mapazi onyowa. Pofuna kuzimitsa mwachangu ndayatsa zowala kwambiri.

Esnati waseka mpaka kugwira chipupa. Mayi ake amukalipira kuti asaseke chotero, angayambitse zinthu. Kenaka andiyang'ana ine ngati woseketsayo ndalemba ganyu.

Ndapita kukapepesa. A Fombe, atavala chitenje cha akazi awo, akuti zaka zonsezi sanadziwe kuti bafa yawo ili ndi mipata yambiri chotero.

Zing'onozing'ono izi. Mawa ndiwongola.

Lachitatu

Ndalawirira. Ma indiketa alowa, a buleki alowa, a rivesi alowa. Timababu tosadziwika kwawo tija ndatilowetsa paliponse pamene ndapeza bowo.

Ndikuyatsa indiketa yakumanzere. Kale inkati tiki... tiki... ngati munthu wamkulu woyenda ndi ndodo. Tsopano ikuti tikitikitikitiki, ngati mtima wa mbewa. Ndiponso sikuphethira kumanzere kokha. Zonse zinayi. Ndikayatsa yakumanja, zonse zinayinso. Galimoto sikufuna kuulula kumene ikupita.

Wailesi nayo: ndikayatsa nyali ikungoti shiii, ngati mafuta m'chiwaya. Ndikazimitsa, wowerenga nkhani akubwerera. Ndiye ndisankhe, kuona kapena kumva.

Ndikupita pa boma kukagula tepi yomangira mawaya. Pa mphambano ndikuyatsa indiketa mwachizolowezi, ndipo yakana kuzima. Ndikuyenda mumsewu waukulu nyali zinayi zikuphethira ngati zaona mzukwa. Akabaza akupatuka. Abambo ena avula chipewa. Manyazi andigwira, ndikuponda mafuta kuti ndichoke pamaso pa anthu. Sitolo ya tepi ili m'njira ya kuchipatala.

Mayi Nyasemba, wogulitsa milamba pa msika, wandiona. Waimirira, wagwira kumutu. Ndamukwezera dzanja kuti palibe vuto. Zikuoneka kuti dzanjalo walimva mwina.

Pobwerera ndikupeza pakhomo panga:
- amayi a kutchalitchi, ena ndi mabeseni, ena ndi zitenje zatsopano
- mayi wina akulira kale, sakudziwa chifukwa
- Esnati pamphasa, akudya mango

Mayi Nyasemba akulumbira kuti anaona ndi maso ake Esnati atagona pa mpando wakumbuyo. Chimene chinali pa mpando wakumbuyo ndi katoni.

Foni ikulira. Mkamwini wanga ku Blantyre, mawu akunjenjemera: "Bambo, ndamva. Ali bwanji? Ndi mwana wanji?" Ndikumuuza kuti ndi indiketa. "Ndani?"

Ndinkaganiza kuti zathera pomwepo. Ayi. Nkhani yawoloka madzi. Dzuwa likupendeka, njinga ziwiri za kabaza zaima pachipata. Pa yoyamba, asewele anga, mayi a mkamwini, kuchokera ku Nyachikadza, matope a m'bwato akadali kumapazi. Pa yachiwiri:
- thumba la mbatata
- milamba yowamba
- mphasa
- bakha wamoyo

Ayang'ana Esnati. Ayang'ana galimoto imene ikuphethirabe pansi pa nimu. Ayang'ana ine. Akuti, "Bwato ndakwera kale. Sindibwerera mpaka ndimuone mdzukulu." Akhala pa mpando wanga wa pakhonde, uja wa nsalu. Bakha am'mangirira ku tayala.

Indiketa ndaizimitsa pozula waya wa batire.

Mayi a Esnati sanandilankhule. Mbale yanga angoikankha ndi chala.

Tepi ndinaiwala kugula.

Lachinayi

Tsiku lolandira oyamikira. Ndalandira Zuze.

Zuze amakonza mawailesi, matochi ndi mafoni pa msika. Akuti magalimoto anaphunzira ku Tete. Sananene kuti anaphunzira kuwatani. Wabwera ndi pulayazi, mpeni wa kukhitchini ndi magalasi akuda. Wazungulira galimoto, wamenya tayala ndi phazi, bakha wamujompha. Akuti, "Nkhabe vuto, madala. Mababu awa amadya moto pang'ono, ndiye galimoto ikuganiza kuti afa. Ikulira maliro. Tiinamize."

Kuinamiza kumafuna tizitsulo totchedwa marezisita. Ku Nsanje kulibe. Koma Zuze ali ndi waya wopotana wa m'mbaula yamagetsi imene inafa. Akuti n'chimodzimodzi, kusiyana dzina.

Akudula mawaya. Ofiira, obiriwira, amizeremizere. Ndikumufunsa ngati akukumbukira kuti uti unali pati. Akuloza kumutu kwake. Ena akuwalumikiza atawanyambita kaye.

Zotsatira:
- ma indiketa asiya kuthamanga. Asiyiratu.
- ndikaponda buleki, hutala ikulira
- ndikaliza hutala, mawaipa akuyenda
- nyali za rivesi zikuyaka galimoto ikamapita kutsogolo
- wailesi ikugwira siteshoni ya ku Mozambique yokha

Zuze akuti ndi momwe zimayambira, mawaya azolowerane kaye.

Masana mitambo yadetsa kuchokera kumapiri. Mvula yoyamba! Yagwa yamphamvu, fumbi lonse pansi, fungo la dothi mpaka m'nyumba. Yakata dzuwa likulowa. Zuze akuti tiwongole nyali zakutsogolo tsopano. Wamenya yakumanzere ndi chikhatho, yatsika pa nimu. Wamenya yakumanja, yachoka kwa a Fombe. Zonse ziwiri zikuwalitsa bwalo langa, mbee, mpaka nyerere kuoneka miyendo. Ndaima ngati mwini fakitale.

Kenaka kamodzi kakuuluka m'kuwalamo. Tiwiri. Mtambo.

Ngumbi!!

Ngumbi za m'zulu zonse za boma lino, mwina ndi za tsidya lina la Shire zomwe. Zikugunda galasi ngati matalala. Zili m'malaya, m'makutu, imodzi ndameza. Ndikuthamangira kukazimitsa. Asewele andigwira mkono. Mayi uja ali ndi dzanja la munthu wopalasa bwato. "Nkhabe! Musakhudze!" Akukuwa kuti abweretse beseni la madzi.

Posakhalitsa mzere wonse uli pabwalo panga. Mabeseni, zidebe, malichero, masache. Mayi Nyasemba akusesa ndi manja awiri. A Fombe abwera ndi chidebe chawo chosambira, akuti takhululukirana. Amayi ayambitsa nyimbo. Asewele aima pakati akugawa malo ngati kapitawo wa kumunda wa nzimbe. Bakha wadya mpaka wakhala pansi. Esnati ali pakhonde, akuseka, mapiko ali mbuu m'tsitsi.

Wina akufuula, "Akalaliki akhale ndi moyo!" Sindinama, zandikoma. Kuyambira pamene ndinapuma ntchito palibe anandiimbirapo m'manja.

Ndikuti ndilize injini kuti batire isathe. Akuti utsi uthamangitsa ngumbi. Ndamvera anthu.

Kuwala kukuchepa. Kukusanduka kwa buluu. Kukuphethira. Tifani tija tikulira ngati udzudzu, kenaka zii.

Anthu abalalika ndi mabeseni odzaza. "Takhuta, akalaliki! Mawanso nthawi yomweyi!"

Ngumbi zokazinga n'zokoma. Mayi a Esnati andipatsa zambiri, koma osalankhula.

Lachisanu

Ndikutembenuza kiyi. Kakumveka ka "tche". Basi.

Zuze akuti tiikankhe. Odya ngumbi dzulo abwera mwaufulu, amuna amphamvu. Tikukankha mpaka pa mjigo. Sikulira. Tikubwerera mpaka pa chigayo. Sikulira. Matope mpaka m'mawondo. Ulendo wina wa ku mjigo, a Fombe akufunsa akupuma mwabefu, "Kodi imeneyi si ija yosintha yokha magiya?" Ndi yomweyo. "Nanga zotere zimalira pokankha?" Zuze akuti za ku Tete zimalira.

Taibweza pansi pa nimu. Aliyense wapita kwawo osatsanzika.

Ndikuyang'ana nyali zakutsogolo. M'kati mwa galasi lakumanzere muli madzi mpaka theka, pamwamba pakuyandama mapiko a ngumbi. Zotsekera za labala zija sizinali zokongoletsa. Ndafunafuna imene inatsala. Asewele aikirapo sopo.

Batire yakwera kabaza kupita kwa wometa tsitsi, amene amatchaja. Ine pambuyo pa njinga ina, ngati woperekeza wodwala. Tikufika, magetsi azima. Tikupita kwa wa sola, kuli mitambo. Ndakhala pa benchi tsiku lonse ndikuyang'ana kumwamba. Aliyense wodutsa akundifunsa chimodzi mwa ziwiri: "Esnati wachira?" kapena "Lero ziliko ngumbi?"

Chakumadzulo magetsi ayaka, batire yamwa pang'ono, tabwerera nayo. Zuze wailumikiza. Phaa! Fyuzi yapsa. Waika ina. Phaa! Akuti mafyuzi a masiku ano ndi amantha. Watulutsa pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya, walipinda, walilowetsa.

Kwa kanthawi zonse zayaka pamodzi, kutsogolo, kumbuyo, m'kati, hutala, mawaipa, wailesi ikuimba Chipwitikizi. Ndiye kafungo. Ngati wina akuwotcha patapata. Utsi ukutuluka pansi pa chiwongolero, woonda, waulemu. Asewele athirapo madzi otsukira mbale.

Zuze wavula magalasi akuda koyamba. Akuti akatenge sipanala ina kunyumba. Pulayazi yake waisiya, ndiye abwera.

Sanabwere.

Ndakhala pa chitsa, poti mpando wanga uli ndi eni. Esnati wabwera, wakhala pambali panga movutikira. Mapazi ake atupa. Sakuseka lero. Akufunsa motsitsa mawu, "Ababa, galimotoyi iyenda?"

Ndikuti, "Iyenda, mwanangu."

Wangogwedeza mutu. Wandichotsa phiko la ngumbi pakolala.

Ndayang'ana kuchimbudzi nthawi yaitali. N'chakuya. Ndinakumbitsa ndekha, ndinkanyadira kuya kwake.

Ambuye, mwana uyu adikire Lolemba.

Loweruka

M'mawa. Ndapita kwa Zuze. Akazi ake akuti wapita ku maliro ku Makhanga. Maliro a ndani? Akuti akadziwira konko.

Ndikulumikiza ndekha mawaya opsa. Wofiira ndi wofiira. Koma onse tsopano ndi akuda.

Dzuwa lili pamutu, kunja kukuwala mpaka maso kuwawa. M'nyumba mwayamba manong'onong'o. Asewele alowa, atuluka, alowanso. Mayi a Esnati atuluka ndi beseni ndi chikwama. Andilankhula koyamba kuyambira Lachitatu: "Lizani galimoto."

Masana! Dzuwa lili phwee! Sabata yonse ndakonzekera usiku!

Kiyi. Tche. Kiyi. Tche. Ndikuponda buleki, hutala ikulira. Ndikupondanso, ikuliranso. M'nyumba ndikumva mawu a mwana wanga, mawu amene sindinawamvepo. Ndikuilankhula galimoto, ndikuipepesa, ndikuilonjeza mababu ake akale.

Asewele pawindo la galimoto: "Tsikanimo, bambo. Thamangani kumsewu."

Ndikuthamanga. Patapata imodzi yatsala m'matope. A Fombe andipitirira, mkulu uja amathamanga ngati gwape. Aima pakati pa msewu manja m'mwamba. Ikubwera lole ya mchenga, yochokera kumtsinje, yokalamba kuposa ine, chitseko chomanga ndi chingwe. Yaima.

Ndaiyang'ana kumaso. Ilibe nyali. Ngakhale imodzi. Mabowo awiri okha, m'bowo lina muli chisa cha mavu.

Dalaivala, bambo wa mano ochepa, sanafunse zambiri. Wakhotera pakhomo. Esnati kutsogolo, pakati pa mayi ake ndi apongozi ake. Ine pamwamba pa mchenga, beseni pamiyendo, phazi limodzi lopanda nsapato. Mchenga ukuotcha. Pa bampu iliyonse ndikupemphera mokweza. Tikudutsa pa msika, Mayi Nyasemba akungotiyang'ana, osadzuka. Lero sakhulupirira.

Tafika. Anamwino amutenga. Chitseko chatsekedwa. Amuna kunja.

Ndikuthokoza dalaivala. Sindinathe kudzigwira, ndamufunsa za nyali. Akuti, "Nyali za chiyani, madala? Ine ndimayenda ndi dzuwa. Likalowa, ndimagona." Wapita ndi mchenga wake.

Pansi pa mtengo, kunja kwa chipatala. Ndikulemba kuti manja apeze chochita.

Palibe watuluka.

Mkamwini akuimba. Ali m'minibasi, adutsa pa Chikwawa. Ndikumuuza kuti zonse zili bwino. Sindikudziwa ngati zili bwino.

Namwino wadutsa mothamanga, sanandiyang'ane. Bwanji akuthamanga? Pakanakhala kuti tinafika msanga? Nthawi ija ndimalimbana ndi kiyi, nthawi ija ndimathamangira kumsewu... Mwana ameneyu ndinkamunyamula paphewa kupita naye kudimba, akundigwira makutu ngati chiwongolero. Chikachitika china, ndidzayang'ana bwanji mayi ake?

A Fombe abwera wapansi, andibweretsera patapata yanga. Akhala nane.

Dzuwa lapendeka. Chitseko chatseguka. Asewele! Akubwera akuvina, chitenje chili m'manja, nthungululu mpaka alonda kutembenuka. Pambuyo pawo mayi a Esnati, maso ofiira, akumwetulira.

"Wachira. Mtsikana. Onse ali bwino."

Ndakhala pansi, m'beseni.

Mtsikana! Ndine agogo! A Fombe akundigwedeza mapewa, ine ndikulira ngati mwana, pamaso pa anthu, m'beseni.

Tabwerera wapansi kusanade.

Lamulungu

Ndamuona. Pang'ono chabe, chapatali, atamukulunga m'zitenje mpaka mphuno. Maso watseka zolimba. Asewele akuti wafanana ndi akwawo. Mayi a Esnati akuti wafanana ndi akwawo. Palibe watchula ine. Mkamwini wafika, akungoseka ndi aliyense, wandigwira chanza kangapo.

Esnati, mawu ofooka: "Ababa, musadandaule. Lole ija inali ndi mphepo yabwino."

Ku tchalitchi alengeza za mphatso yathu. Athokoza Mulungu, anamwino, a Fombe, ndi dalaivala wa lole amene dzina lake palibe akulidziwa. Pomaliza mlembi wawonjezera kuti mpingo ukuthokozanso akalaliki chifukwa cha ndiwo za Lachinayi. Anthu aomba m'manja. Ndaimirira pang'ono, ndakhalanso.

Momwe zinthu zilili:
- kiyi wa galimoto ali m'chikwama cha mayi a Esnati. Akuti ndidzamuona mwana akadzayamba kuyenda
- wodziwa zamagetsi a galimoto weniweni ali ku Nchalo. Kuti galimoto ikafike kumeneko, iyenera kuyenda. Kuti iyende, iyenera kukafika kumeneko
- wina wandilonjeza ng'ombe ziwiri zoikoka, akamaliza kulima
- asewele akhala mpaka mwana atuluke m'chikuta. Mpando ndauiwala
- m'galasi lakumanzere mwayamba kuyenda tinthu tamoyo
- nkhuku yaikira pa mpando wa dalaivala. Sindiichotsa. Pakhale wina wopindula
- pulayazi ya Zuze ndi yanga tsopano

Mawa Esnati ndi mwana atuluka m'chipatala. Mkamwini wapangana kale ndi galimoto ya hayala. Sanandifunse maganizo. Wachita bwino.

Dzuwa lalowa. Ndakhala pa chitsa changa. Mayi a Esnati andibweretsera tiyi, aima pambali panga, kenaka akuloza ndi mlomo kumbuyo kwa galimoto. "Nanga icho?"

Ndapita kukaona. Kababu kamodzi, mwa tija tosadziwika kwawo, kakuyaka. Kokha. Popanda kiyi. Kali pamwamba pa nambala ya galimoto, koyera bwino, kosaphethira, ndendende ngati ka wandevu wa mu vidiyo. Ndayesa kukazimitsa, kakana.

Ndiye ntchito sinalephereke yonse. Aliyense wodutsa mumdima, wofuna kudziwa kuti galimoto yosayendayi ndi ya ndani, nambala aiwerenga mosavuta.